Nkhope ya pa malaya a chiliza

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangochoka kumene ku Balaka kwa wosindikiza malaya a chiliza cha ababa. Ndimafuna kungomuimbira foni kuti ayambepo, koma mtima unakana, ndiye ndinakwera minibasi.

Ndapeza atayatsa kale makina. Ndati, "Achimwene, tandionetsani kaye pa kompyutapo."

Abale anga, mawu onse ali bwinobwino, koma nkhope ndi ya bambo aang'ono a ku Kalembo. Paja tinatumiza chithunzi cha pa ukwati chija, ataima awiri ndi ababa. Wosindikizayo sawadziwa, anangodulapo amene avala tayi. M'munsi mwake alemba kuti, "Mzimu wanu uuse mumtendere." Munthu woti dzulo lomweli amapalasa njinga kupita kudimba.

Tangoganizani tonse titavala zimenezo kumanda, eniake akutsogolera pemphero.

Takonza, ndipo ababa aoneka bwino ndi chipewa chawo chija. Ndamuuza asasindikize mpaka nanunso muone. Chithunzi ndi ichi, aliyense ayang'anitsitse nkhope, dzina ndi masiku.

Nanga bambo aang'onowo tiwauze kuti lero tawaukitsa, kapena tingokhala chete?