Nachingwe ndi Kompyuta Yachitatu

Dzina lakuti Nachingwe anamupatsa ndi anzake akuntchito, ndipo linamukhala. Mukatsegula chikwama chake simupezamo galasi kapena mafuta odzola, koma zingwe zokhazokha: zazifupi, zazitali, zina za mitu ikuluikulu ya mano asanu ndi anayi zimene achinyamata a masiku ano akaziona amafunsa ngati zili za ayironi. Mkati mwa sabata amagwira ntchito pa shopu yokonza masikelo ndi zipangizo zoyezera. Loweruka ndi tsiku lake, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi wakhala akulithera pa kapulogalamu kamodzi ka pakompyuta kamene analemba yekha.

Ntchito ya pulogalamuyo ndi yosavuta kufotokoza. Mumalumikiza chipangizo choyezera ku kompyuta ndi chingwe, kaya ndi choyezera kutentha, kaya ndi choyezera madzi m'thanki, ndiye pulogalamuyo imamvetsera zimene chipangizocho chikunena n'kumalemba manambala pa sikirini. Nambala ikatsika kapena kukwera kupyola malire amene mwaika, kompyuta imalira mpaka munthu abwere. Nachingwe amaipereka ulere pa intaneti. Ambiri mwa anthu amene amaigwiritsa ntchito sanawaonepo n'komwe: wina wosunga mkaka, wina woyang'anira mapampu a madzi, ndi bambo wina amene amangotumiza madandaulo chaka ndi chaka osathokozapo ngakhale kamodzi.

Chovuta si kulemba ayi, chovuta ndi kulongedza. Makompyuta ali ngati apongozi, aliyense ndi makonda ake. Mtundu uwu umafuna pulogalamu ifike itamangidwa m'phukusi lotere, mtundu uwo phukusi lomwelo umalikana kwamtuwagalu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi njira yakeyake yolankhulira ndi chingwe. Choncho Nachingwe anadziikira lamulo. Asanatulutse pulogalamu yokonzedwanso, ankaiyesa pa makompyuta atatu: laputopu yake, kompyuta ya amuna ake, ndi chikompyuta chakale chimene kale chinali choyera koma chinasanduka chachikasu, chimene m'nyumbamo onse ankachitcha Nkhalamba. Pa iliyonse ankalumikiza chingwe, kuviika kachipangizo m'kapu ya madzi otentha, kenako m'madzi ozizira, mpaka aone nambala ikutsika ndi kumva kulira. Akatero ankalemba kumapeto kwa uthenga wake mawu amene anthu anawazolowera: "Yayesedwa pa makompyuta onse atatu."

Nkhalamba inali yotopetsa, palibe angatsutse. Ukaiyatsa umatha kukaika madzi pamoto, kuthira tiyi, kumwa, n'kuipeza ikadziwongolabe. Amuna ake anayesapo kangapo kumunyengerera kuti aitaye. Koma Nachingwe ankaisunga pa chifukwa chimodzi: achimwene ake, mlongo wake wamkulu, anali ndi ina yofanana nayo ndendende.

Achimwenewo amaswetsa anapiye m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Makina ofungatira mazira anapanga okha kuchokera ku kabati yakale, ndipo Nachingwe ndiye anawaikira kachipangizo koyezera kutentha, kukoka chingwe mpaka pa kompyuta, ndi kukweza sipika kuti kulira kuzimveka mpaka kukhitchini. Munthuyo ankanyadira mlongo wake mochititsa manyazi. Aliyense wobwera kudzagula anapiye ankayamba kaye waonetsedwa sikirini.

"Iyi analemba ndi chemwali wanga," ankatero, akugogoda galasi ndi chala. "Anthu amanama, iyi sinama."

Ndiye linafika Loweruka lija. Mwana wake wamkazi wa Nachingwe anali atabwerako kosukulu ya zosoka ndi makina ake, ndipo tebulo lokhalo lolimba m'nyumbamo linali la Nkhalamba. Nkhalamba inasamutsidwira kuchipinda chosungira katundu, makatoni n'kuiunjikira pamwamba, matiresi akale n'kutsamira pa makatoniwo. Sabata imeneyo Nachingwe anali atasintha chigawo cha pulogalamu chimene chimalankhula ndi chingwe, chifukwa chakalecho eni ake anasiya kuchikonza. Anayesa pa laputopu, zinayenda. Anayesa pa kompyuta ya amuna ake, zinayenda. Anapita kuchipinda kuja, natsegula chitseko, nayang'ana matiresi ndi makatoni, msana ukumuwawa, natsekanso.

Tisamuikire kumbuyo, sanaiwale ayi. Anaima pakhomopo akudziwa bwino lomwe chimene akusiya. Anabwerera pampando, nakopera uthenga wa ulendo watha, kusintha tsiku lokha, ndipo mawu aja akumapeto anawaona ndi maso ake awiri n'kuwasiya momwemo. Achimwene ake, amene iye mwini anawaphunzitsa kuti yatsopano ikatuluka azitenga, anaitenga tsiku lomwelo.

Patapita masiku khumi, Lachiwiri m'mawa, foni inalira ali kuntchito.

"Bwera kuno, chemwali. Mazira onse azizira. Mazana atatu, anangotsala masiku asanu kuti aswe."

Anapempha abwana ake n'kukwera basi. Atafika anapeza chitseko cha kabati chili pululu, mathireyi a mazira ali pansi, achimwene ake atagwira m'chiuno. Waya wotenthetsa m'kabatimo anali atapsa dzulo lake, iwo ali koperekera anapiye kwa makasitomala. Waya kupsa si zachilendo, ndipo wina watsopano anali m'dirowa momwemo, ntchito ya mphindi khumi. Koma kompyuta sinalire. Mlamu wake wa Nachingwe, mkazi wa achimwenewo, anaswera pakhomo tsiku lonse osamva kanthu, ndipo mazira anagona m'kabati yozizira mpaka mwini wake atagwira galasi la kabatiyo m'mawa.

"Ona apa," anatero achimwene, akuloza tsache limene linatsamira kuseri kwa kompyuta. "Ndinanena kangati kuti kuno kusamasesedwe? Wagunda chingwe ameneyu. Taona mutu wake wapendekeka."

"Sindinachikhudze ine," anayankha mlamuyo ali pakhomo, mawu ali pansi.

"Nanga chinadzigunda chokha?"

Nachingwe anagwada n'kugwira mutu wa chingwewo. Unali wopendekeka pang'ono, inde, monga unalili kuyambira tsiku limene iye anauika, koma unali wolowa bwinobwino. Anayang'ana sikirini. Nambala inali itaima pa 37.6, m'chipinda mmene munthu ankafuna juzi. Anatsegula fayilo imene pulogalamu imasungamo zonse zimene yamva. Mzere womaliza unali wa Loweruka lija, pa ola limene achimwene ake anaika pulogalamu yatsopano. Pa kompyuta yakale chigawo chatsopanocho sichinkamva chingwe, koma sichinkadandaulanso. Chinangosiya nambala yomaliza pa sikirini, ndipo nambala yosatsika siliza belu.

Apa ndi pamene munthu amayenera kutembenuka n'kunena. Nachingwe sanatembenuke. Anatulutsa kafulashi kosungiramo mapulogalamu m'chikwama, nabwezeretsa pulogalamu yakale mwakachetechete, ndipo kuti manja aoneke ngati agwira ntchito anazula chingwe n'kuchilowetsanso. Nambala inatsika nthawi yomweyo, sipika n'kulira mpaka agalu a oyandikana nawo anauwa.

"Waona? Chinali chingwe, eti?" anatero achimwene.

"Zimachitika, achimwene," anayankha Nachingwe, maso ali pa sikirini.

Mlamu wake anachoka pakhomopo. Anapita kukhitchini, nabwera ndi tiyi pa thireyi, ndipo Nachingwe anamwa.

Masiku otsatirawo tiyi ameneyo anamukhala pakhosi. Kuntchito ankayesa sikelo imodzi katatu osakumbukira zimene yaonetsa. Lachinayi mwana wake anamuuza kuti wakumana ndi azakhali ake, mlamu uja, pamsika, maso ali ofiira, ndipo akuti amalume sakulankhula nawo, kiyi wa kachipinda ka anapiye amayenda naye m'thumba. Nachingwe anangoti "Oo," n'kupitiriza kupukuta mbale youma kale. Ankadziuza kuti mazira afa basi, kunena sikungawadzutse. Ankadziuzanso kuti banja la eni ake si lolowerera. Koma iye ndi munthu wa masikelo, ndipo ankadziwa kuti zifukwa zonsezi n'zopepuka. Chimene ankaopa chinali chimodzi: chala chija chogogoda galasi, ndi mawu akuti iyi sinama.

Loweruka anachotsa matiresi, natsitsa makatoni, nanyamula Nkhalamba yekha mpaka pabalaza, naiika pansi pa simenti. Anaidikira idzuke osapita kukathira tiyi. Anaikamo pulogalamu ija, naviika kachipangizo m'madzi otentha mpaka nthunzi kumuwotcha zala. Nambala sinasunthe. Ntchito yonse imene anaithawa inatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Tsiku lomwelo anakonza cholakwikacho, nawonjezera chinthu chimene chikanayenera kukhalamo kuyambira kale: chingwe chikakhala chete kwa mphindi imodzi, nambala izifufutika ndipo kompyuta izilira. Kenako analembera anthu ake a pa intaneti kuti pulogalamu yapitayo sinayesedwe pa kompyuta yakale, ndipo mawu amene analemba aja anali abodza. Wosunga mkaka anayankha kuti palibe vuto. Bambo wamadandaulo uja analemba ndime zinayi. Zonsezi sizinamupweteke kwenikweni, chifukwa kupepesa kwa anthu amene sudzakumana nawo pamsika n'kosavuta.

Lamulungu masana anakwera basi ija. Anapeza achimwene ake akutsuka mathireyi panja, mlamu wake akuyanika zovala chapatali, aliyense atafulatira mnzake.

"Achimwene, alamu, ndabwera ndi nkhani. Tabwerani pafupi nonse."

Anafotokoza zonse ali chiimire, chikwama chili paphewa: za tebulo, za makatoni, za mawu amene anakopera, za fayilo imene anaiona Lachiwiri n'kuitseka. Sanachepetse kalikonse.

"Chingwe chinalibe vuto. Alamu sanagunde kanthu. Ndine ndinapha mazira anu, ndipo ndinadziwa tsiku lomwe lija."

Achimwene ake anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.  Anayang'ana mlongo wawo, kenako mkazi wawo, kenako dzanja linapita m'thumba mmene munali kiyi uja n'kungokhala momwemo.

Amene analankhula anali mlamuyo, malaya onyowa ali m'manja.

"Ine ndinawauza bambowa sabata yatha yomwe. Ndinati nambala ija masiku onse imavinavina, pano 37.5, pano 37.7, koma tsopano yangoima. Anandiyankha kuti ndiye kuti makina akuyenda bwino, ndisamalowerere zinthu za anthu ophunzira."

"Munaona bwino, alamu. Munaona chimene ine ndinakana kukaona. Pepani kwambiri."

Mlamuyo anafinya malaya aja, madzi n'kudontha pa mapazi ake. Sanakweze mawu.

"Za mazira sindikudandaula, alamu, tiikamo ena. Kutopa aliyense amatopa. Koma Lachiwiri lija munali pano. Munamva mmene ankandikalipira, inu mukudziwa, ndipo ine ndinakuthirirani tiyi."

Anayanika malayawo pachingwe, natenga beseni lake, nalowa m'nyumba. Nachingwe anatsala panja ndi achimwene ake, ndipo ulendo uno thireyi ya tiyi sinatuluke.