Tsiku Limene Phee Anakuwa

Inu amene munalakwitsa kamodzi ndipo mpaka lero mumayenda mutazolika, sendezani mpando ndikuuzeni za mtsikana wina amene anzake ankamutchula kuti Phee.

Tsiku loyipitsitsa pa moyo wake linamuthera atakhala pa benchi la kuchipatala, magolovesi ali m'manja osavula. M'chipinda cha pafupi madokotala ankamanga mwendo wa mkulu wake. Amene anathyola mwendowo anali Phee yemweyo.

Zinayenda chonchi. Phee anali goloboyi wa timu ya mpira wa amayi ya dziko lake. Inde, goloboyi, dzina la ntchitoyi silisintha ngakhale woigwira akhale mtsikana. Mkulu wake anali kaputeni, wotchinga kumbuyo. Masana amenewo timuyo inkangofunika kufanana mphamvu ndi alendo kuti idzigulire malo ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse lapansi, kumene inali isanapondeko chiyambire. Masewero atatsala pang'ono kutha, kunabwera mpira wa m'mwamba kulunjika pagolo.

Mpira wotere uli ndi lamulo lake. Goloboyi akatuluka kukaugwira amayenera kukuwa mwamphamvu, chifukwa wotchinga kumbuyo maso ake amakhala kumwamba ndipo saona amene akubwera kumsana kwake. Akamva mawu, amapatuka. Phee anatuluka bwinobwino, anatsegula pakamwa, koma ataona kuti amene waima kutsogoloyo ndi mkulu wake, mawu amene anatuluka anali a kunyumba: "Asisi, pepani, siyani."

Abale anga, "pepani" pakati pa bwalo lodzaza ndi anthu osokosera! Mkulu wakeyo sanamve kanthu. Analumpha, Phee naye analumpha, ndipo bondo la wamng'ono linakumana ndi mwendo wa wamkulu. Mpira unadumphadumpha wokha n'kukagona mu ukonde.

Musafulumire kumuseka. Makolo awo anamwalira Phee asanayambe ndi sukulu yomwe. Amene anamusambitsa, kumusokera yunifolomu ndi kumuperekeza pa chipata cha sukulu anali mkulu wakeyo. Kwa Phee, asisiwo anali mayi, analinso bambo. Chibadwire anali asanawakwezerepo mawu, ndipo pakamwa pake panakana kuyambira tsiku limenelo.

Anthu a mpira sachedwa kupereka dzina. Pofika mawa lake, Phee anali atasanduka Sefa, chifukwa amati chilichonse chimadutsa. Mphunzitsi wa timu anamusiya. Iye anaponya magolovesi pansi pa bedi n'kulumbira kuti mpira ndi iye basi.

Mkulu wake anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo, ndipo madokotala anamuuza kuti kuyenda adzayenda, koma kusewera aiwale. Anaika mipando pakhonde, anapachika galasi pakhoma, n'kuyamba kuluka anthu tsitsi. Phee anasanduka wantchito wa m'nyumbamo. Kuchapa iye, kusesa iye, kuphika iye, zonse mwakachetechete ngati m'nyumbamo muli wodwala wakayakaya. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali kugogoda kwa ndodo ija pa simenti. Akaimva ikubwera, ankatuluka panja.

Tsiku lina mkulu wake anatopa nazo.

"Iwe, bwera kuno. Ukuganiza kuti ukamandichapira chonchi mwendowu umera wina?"

"Pepani asisi."

"Wayambanso! Tamvera. Mwendo wangawu sunathyoledwe ndi bondo lako. Unathyoledwa ndi ulemu wakowo. Ukanandikalipira tsiku lija, bwenzi ndikusewera mpaka pano. Tiye, ndikalipire."

Phee anayang'ana pansi.

"Ndati undikalipire! Tangoganiza kuti ndaima pa njira yako."

"Chonde asisi, tapatukani."

Mayi amene ankalukidwa tsitsi anaseka mpaka misozi. Mkulu wakeyo sanaseke. Madzulo omwewo anakagogoda kwa bambo wina woyandikana nawo nyumba, dalaivala wa minibasi amene kondakitala wake anali atangomuthawa. Anabwerako nkhani itatha kale. "Mawa ukuyamba ntchito. Kumeneko ukapanda kukuwa, ukagona ndi njala."

Amene munafikako ku depoti mukudziwa. Hutala uku, injini uku, ogulitsa malonda uku, ndipo kondakitala aliyense akung'amba kukhosi kuitanira anthu. Pakati pa zonsezi panaima Phee, dzanja lili pa chitseko, akunena mwaulemu kuti, "M'tauni, amene akufuna." Minibasi zina zinkadzaza n'kumapita. Yawo inangokhala pa dzuwa ndi munthu mmodzi, nayenso pamapeto pake anatsika.

Dalaivala anasuzumira pawindo. "Mwana iwe, ukupemphera kapena ukuitana anthu?"

Ngati zimenezo sizinakwane, kondakitala wina anamuzindikira. "Eee, si Sefa uyu? Samalani anthuni, mugwera pansi, sagwira ameneyu!" Depoti yonse inafa ndi phwete. Phee anapita kuseri kwa minibasi n'kukalira. Koma mawa lake anabweranso, chifukwa kuthawa kukanatanthauza kukayang'anizana ndi ndodo ija kunyumba.

Milungu inapita. Mawu anayamba kutuluka pang'onopang'ono, koma ankasankha. Kwa achinyamata ankakuwa ndithu. Akaona munthu wa imvi, mawu ankabwerera m'mimba.

Ndiye m'mawa wina dalaivala ankabweza minibasi m'mbuyo kuti atuluke pa mzere. Kumbuyoko kunali bambo wachikulire wa suti yake, atawerama kumanga chingwe cha nsapato. Dalaivala sanamuone. Bamboyo sanamve. Phee yekha ndiye ankaona onse awiri, ndipo panalibe nthawi yoti aganize za ulemu.

"Chokaaa!"

Mawuwo anaimitsa depoti yonse. Dalaivala anaponda buleki, bambo uja anadumphira kumbali ngati mnyamata. Phee anagwira pakamwa ndi manyazi, kudikira kuti amutukwane. Koma bamboyo anasasa fumbi pa suti yake, anamuyandikira n'kumugwira dzanja.

"Mwanawe, ukanati undilemekeze, bwenzi pano ndili pansi pa matayala. Zikomo."

Tsiku lonse mawu amenewa ankamuzungulira m'mutu. Moyo wake wonse ankaganiza kuti kukonda munthu wamkulu ndi kukhala chete pamaso pake. Tsopano anaona kuti amene akuona ngozi yekhayekha n'kukhala chete, sakulemekeza munthu ayi, akungomusiya kuti avulale. Atafika kunyumba anagwada, anapisa dzanja pansi pa bedi, n'kutulutsa magolovesi aja ali fumbi lokhalokha. Mkulu wake anamuona. Anangomupatsa sopo.

Kubwerera sikunali kwa masewera. Matimu akuluakulu sankafuna kumva za Sefa. Amene anamulandira ndi katimu kena ka m'dera lawo, kosewerera pa bwalo la sukulu lopanda ndi udzu womwe. M'mawa ankathamanga asanapite ku depoti. Masana ankapachikika pa chitseko cha minibasi. Madzulo ankagwa m'fumbi mpaka zigongono kusupuka, mkulu wake atakhala pambali, akuloza ndi ndodo: "Sindinamve! Bwereza!"

Panapita zaka. Timu ya dziko inapeza mphunzitsi watsopano, ndipo tsiku lina mphunzitsiyo anabwera pa bwalo la sukulu lija kudzaona mtsikana wina womwetsa zigoli. Asanalowe n'komwe pa chipata anamva mawu akulamula osewera: uyu abwerere, uyo atseke kumanzere, winayo adzuke. Anafunsa, "Akukuwayo ndani?" Atamuuza kuti ndi Phee, anaganiza kuti akumunamiza.

Anamutenga. Phee anayamba ngati wodikirira pa benchi, kenako anapatsidwa golo. Ndipo ulendo uno timuyo inadzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Pa tsiku lonyamuka, mkulu wake anamuluka tsitsi yekha pakhonde paja, mwina n'kukoka mopitirira muyezo. "Ukapite ndi mawu a ku depoti," anatero. "A m'nyumba muno uwasiye, ndikusungira."

Koma m'timumo munali munthu mmodzi amene Phee ankamuopabe. Kaputeni watsopano, amene ankamutcha Chipupa, anali wamkulu kuposa onse, mayi wa ana awiri, ndipo atsikana onse ankamutchula kuti amayi. Anali mnzake wapamtima wa mkulu wa Phee. Chichitikire ngozi ija anali asanasekepo ndi Phee ngakhale kamodzi.

Masewero oyamba a mu gulu lawo anakumana ndi akatswiri odziwika, ndipo anagonja. Chimodzi mwa zigoli zimene anawamwetsa chinalowa chifukwa cha Phee. Mpira wa m'mwamba unabwera, Chipupa anali kutsogolo, ndipo Phee anazengereza. Sanatuluke, sanakuwe, anangoima pakati ngati munthu woiwala chimene amadzatenga m'chipinda. Pa mafoni dzina la Sefa linadzuka.

Masewero achiwiri anapambana ndi chigoli chimodzi, choyamba cha dziko lawo pa mpikisano umenewu, ndipo atsikana anavina mpaka m'basi. Ndiye panatsala achitatu. Akangofanana mphamvu, apitirira ku ndime yotsatira. Akagonja, azilongedza zikwama. Zinali ndendende ngati tsiku lija, ndipo Phee ankadziwa kuti aliyense akukumbuka.

M'chipinda chosinthira zovala, Chipupa anabwera n'kukhala pafupi naye. Kanali koyamba.

"Ukudziwa kuti mkulu wako ndinamunyamula ndine pa machira?"

"Ndikudziwa amayi."

"Ine sindikufuna kunyamulidwa. Ndili ndi ana. Lero ukandiona pa njira yako, usandione ngati mayi ako. Wamva?"

Phee anagwedeza mutu.

"Osagwedeza mutu. Ndikufuna ndikumve."

"Ndamva!"

"Eya, choncho."

Masewerowo anali nkhondo. Timu inayo inawapanikiza kuchokera pa chiyambi, ndipo Phee anagwira mipira imene mpaka lero sadziwa kuti anaigwira bwanji. Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Chachiwiri chinkatha chimodzimodzi, miyendo ya atsikana italemera, pamene woyimbira analoza kona ya timu inayo. Aliyense ankadziwa kuti umenewu ndi mpira womaliza.

Unabwera wa m'mwamba, ukupindika, ukutsikira malo omwe aja. Kutsogolo kwa Phee kunali msana waukulu wa Chipupa, maso ali kumwamba, akukonzeka kulumpha. Mantha akale anamubwerera Phee. M'mutu mwake anamva ndodo ija ikugogoda pa simenti. Kenako anadzaza chifuwa ngati waima pa chitseko cha minibasi.

"Chokaaa! Wanga!"

Chipupa anadziponya kumbali osatembenuka n'komwe. Phee anadutsa pamalo pomwe mayiyo anaima, anakwera m'mwamba kuposa mitu yonse, ndipo mpira unamatirira m'magolovesi. Anagwa nawo pansi ataufungatira. Ali chigonere anamva wezulo.

Woyamba kumugwera anali Chipupa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mwana wopanda ulemu iwe! Wandigonthetsa khutu!"

Phokoso litachepa, Phee anapita pakona ya chipinda chosinthira n'kuimba foni kunyumba. Kumbuyo kwa mawu a mkulu wake kunkamveka khonde lonse likusokosera, ngakhale dalaivala uja akudzitama kuti mwanayo anamuphunzitsa ndi iye.

"Asisi, mwaonera?"

"Kuonera kokha? Takumva. Makina a mawu a kuseri kwa golo anakutola bwinobwino." Mkulu wakeyo anapitiriza. "Ukudziwa chimene chandichitikira? Utakuwa muja, ine ndinangopezeka ndadzuka pampando, ndapatukira kumbali. Ndodo ndinaisiya pansi. Anthu onse kundiseka."

Phee anakhala pansi, foni ili kukhutu.

"Ndakhala ndikudikira mawu amenewo zaka zonsezi, mng'ono wanga. Lero ndawamva, ndipo ndapatuka. Nkhani ija yatha. Usadzandipepesenso."

Pa ndime yotsatira timuyo inagonja n'kubwerera kwawo. Chikho sanabwere nacho. Koma pa bwalo la ndege panali anthu osawerengeka, ndipo pakati pawo panali gulu la makondakitala a ku depoti, akutsogoleredwa ndi uja anamuseka tsiku loyamba. Dzina la Sefa palibe analitchula. La Phee linatsala, koma tsopano anthu amalitchula akuseka, chifukwa mtsikanayo akakhala pagolo amamveka mpaka kumsewu.

Mnzanga amene ukuwerenga, mwina nawenso uli ndi magolovesi ako pansi pa bedi. Mwina unalakwitsa pamaso pa anthu, mwina unapweteka munthu amene umamukonda, ndipo ukuganiza kuti kubisala ndi kupepesa tsiku ndi tsiku ndiye kulipira. Si choncho. Pita ukaphunzire chimene chinakukanika, ngakhale sukulu yake ikhale pa chitseko cha minibasi, anthu akukuseka. Mpira uja udzabweranso, ndipo pali wina amene akudikira kukumva. Usataye mtima. Sasa fumbi, vala magolovesi, ndipo nthawi yako ikafika, kuwa.