Mano a Pulasitiki a Msuweni Wanga

Mano aja ankasungidwa m'kabotolo ka mafuta odzola, pawindo la chipinda chathu cha lendi ku Mayville, mumzinda wa Durban. Anali a pulasitiki, oyera mbee, awiri a m'mbali atali ngati a galu. Sanali anga. Anali a msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anali atangofika kuchokera ku Mangochi, tonse tili ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba pa mafulati ena ku Musgrave, ndipo amalume anali atangolembedwa kumene yosamalira maluwa pa mafulati omwewo. Mwana wa abwana a amayi ankaphunzira zojambula mafilimu. Pa holide ya Disembala anaganiza zopanga filimu yoseketsa ya anamapopa, yooneka ngati nkhani yoona: mtolankhani akuyenda ndi kamera, kufunsa anamapopa za moyo wawo. Kwathu dzina limeneli likamveka, anthu amagona ndi zibonga. Kuno linali la nthabwala.

Namapopa wamkulu anali mnyamata wonenepa amene ankakomoka akaona magazi. Mkazi wake ankadandaula kuti zaka mazana atatu zatha asanadzionepo pagalasi, ndiye sadziwa ngati tsitsi lili bwino. Amalume anawapatsa malo a namapopa wokalamba, wogweluka mano, wongomwa madzi ofiira ndi kapaipi. Panatsala malo amodzi, a mwana.

Mumtima ndinali nditawatenga kale. Ndinabadwira ku Durban, Chizulu ndi Chingerezi zinkangoterereka pakamwa panga, ndipo aphunzitsi ankakonda kundiimika kutsogolo kuti ndiwerenge. Koma anasankha msuweni wanga, munthu amene ngakhale "yebo", eya wa Chizulu, ankamutchula mopotoka. Akuti mwana wa abwana uja anamumva akukalipira mphaka m'Chichewa kumaluwa, n'kutsika masitepe akuthamanga. Chimenecho, akuti, ndiye chilankhulo cha anamapopa akalekale.

Ankajambula masana, mawindo atamata ndi mapulasitiki akuda a zinyalala. M'nyumbamo munkatentha, mukununkha thukuta ndi sosi ya tomato. Ine malo anga anali kukhitchini, kupukuta makapu ndi amayi, diso lili pampata wa chitseko. Msuweni wanga ankaima pakati atavala diresi lakuda la zingwezingwe, nkhope ili mbuu ndi paudala. Ankamuuza kuti anene chilichonse. Iye n'kuyang'ana kamera, n'kuti, "Ndatopa ine, nsapatozi zikundithina." M'munsi mwa chithunzi ankalemba m'Chingerezi kuti wamwa magazi a mafumu asanu ndi awiri. Onse ankafa nazo kuseka. Amalume ankaseka nawo, koma mochedwa, ena akutsiriza. Zimenezi ndikuzikumbuka lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona diresi.

Akamaliza ankamugulira ayisikilimu, iye n'kundipatsa kuti ndiyambe kunyambita ndine. Palibe chimene chinkandipweteka kuposa chimenecho. Tsiku lina ndinapaka tsabola pa mano aja. Analira mpaka paudala anachita mizeremizere. Amayi sanandimenye. Anangondiyang'ana, nati, "Chimene chikukudya iwe si njala."

Lamulo la amayi linali limodzi: "Chichewa n'cha m'nyumba. Ukafika pageti, chisiye." Kusukulu onse ankadziwa kuti kwathu ndi ku Limpopo, chigawo cha dziko lomwelo, monga tinkawanamizira. Sukulu itatsegulidwa, msuweni wanga anamuika m'kalasi mwanga, ndipo ankakhala chete monga anamuuzira. Aphunzitsi anamukonda chifukwa cha kufatsako. Anamupatsa ntchito yogawa mabuku, yomwe inali yanga.

Mwana wa abwana uja anali atatumiza kachidutswa ka filimuyo pafoni ya amayi. Ndinaiba foniyo m'mawa wina, pa buleki n'kuitana anzanga kuseri kwa zimbudzi. Ndinkafuna kuti amuseke, basi. Anasekadi. Kenako mtsikana wina wamkulu anafunsa m'Chizulu kuti chilankhulo chimenechi n'cha kuti. Wina anatchula dzina lija limene amatitchula ife obwera. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayankha m'Chizulu changa chosalala kuti si m'bale wanga, amangogona kwathu. Msuweni wanga anali ataima chapafupi, mabuku ali pachifuwa. Chizulu chake chinali chochepa, koma mawu amenewo anawamva.

Kuyambira tsiku limenelo ana ankamutsatira pobwerera, akumutulutsira mano. Aphunzitsi anayesa kuwaletsa, koma nkhani inali itatuluka kale pageti la sukulu. Mayi wina anabwera pakhomo pathu n'kukuwa kuti mwana wa obwera akuopseza ana awo. Mwininyumba anaitanira amalume pambali. Isitala isanakwane, msuweni wanga anamukweza basi limodzi ndi mayi wina wa kwathu amene ankabwerera ku Mangochi. Amalume anamusenzera chikwama. Iye pokwera anandigwira dzanja, nati chapansipansi, "Tsala bwino, msuweni." Za tsabola, za foni, sanauze munthu.

Mungaganize kuti ndinachita manyazi. Manyazi anabwera, koma patapita zaka. Tsiku limenelo titafika kunyumba, nsanje inali idakalipo. Ndinafunsa amayi chifukwa chimene anthu a filimu aja sanandisankhire ine.

Amayi ankapinda zovala. Sanadzutse mutu.

"Anayamba kufuna iwe, kuti ukalankhule chakwathu pa kamera. Ndinakana."

Ndinatha masiku atatu osawalankhula. Ndinkati amayi anga omwe andibera diresi, kamera ndi ayisikilimu. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani iwo, amene anali atagwira ntchito m'nyumba ija zaka zisanu ndi zitatu, anatha kunena kuti ayi, pamene amalume, a miyezi itatu yokha, anangovula chipewa n'kuvomera.