Kamgolo ka Vinyo Komwe Kanabweretsa Mkazi wa Amalume

"Usamathire kanthu m'chiwiya usanafunse chomwe chinalimo kale." Anandichenjeza choncho amayi, ndipo mpaka lero adzukulu akandibweretsera madzi m'chigubu, ndimayamba ndanunkhiza. Amaseka, ati agogo sakhulupirira munthu. Sakunama. Koma iwo sanakaone kamgolo kaja.

Kanali ka matabwa, kotupa pamimba ngati mbuzi ya bere, komangidwa ndi malamba achitsulo. Amalume anabwera atakasenza paphewa mvula yoyamba itangogwa. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu. Bambo anali atamwalira, amayi ankalima utenanti, ndipo amalume, mlongo wawo wamng'ono, ankagwira ntchito kukhitchini kwa mwini esiteti. Anati m'kamgolomo munali vinyo wotsekemera koma waukali, yemwe bwana ankamwa pang'ono akatha kudya. Vinyo atatha, anakataya kuseri kwa nyumba. Nditaika mphuno pa kabowo kake ndinamva fungo la nthochi zopsetsa zosakaniza ndi uchi, ndipo ndinkangobwererako ngati ntchentche.

Amayi ankatcheza kachasu, ngakhale iwo sankamwa. Chaka chimenecho kapitawo analengeza kuti mpaka fodya atachoka m'zigafa, nyumba yopezeka ndi mowa isamuka. Tsoka ilo, amayi anali atangotcheza mutu weniweni, woyera ngati madzi a pachitsime. Mabotolo amalira akagundana, ndipo anansi ali ndi makutu. Choncho anathira wonse m'kamgolo, osakatsuka n'komwe chifukwa cha changu, n'kutseka ndi chitsononkho. Anakumba dzenje pangodya, n'kuvundikira thabwa, ine n'kuyalapo mphasa. Dzinja lonse ndinagona pamwamba pa mlandu.

Amalume anali ndi yawo nkhawa. Anafunsira mtsikana wa ku Nathenje, ndipo ankapempha chitengwa, kuti mkaziyo adzakhale kwathu, popeza ntchito sakanaisiya. Mwinimbumba wa mtsikanayo, mkulu wina wa timaso tating'ono, ankakana. Ankati mwana wake sangapite kwa anthu obwera, osadziwika komwe kuli manda awo. Amalume anaonda mpaka lamba anamuboolera bowo lina.

Fodya atapita, kukuzizira, amayi anafukula kamgolo. Atapendeketsa, munatuluka zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kapu inawagwa m'manja. Anatchula mayina a anansi mmodzimmodzi, kufuna yemwe wathira mankhwala, ndipo anati akataya zonse kudzala. Amalume anawagwira mkono, ati popeza mkazi akuwakaniza, kufa ndi kukhala n'chimodzimodzi. Anamwa. Tinawakhazika pakhonde n'kumawayang'anitsitsa, amayi atagwira madzi amchere osanzitsira. Dzuwa linasuntha, munthu osagwa. Kenaka anatambasula dzanja.

"Alongo, onjezani pang'ono. Sindinatsimikize ngati ndikufa."

Anati mowawo sukukanda pakhosi, ukutsika ngati mafuta, ndipo ukadutsa ukusiya kakomedwe ka zipatso zouma. Mbiri inafika kwa aphunzitsi, omwe anabwera ati kudzafunsa chifukwa chomwe ndinajombera kusukulu. Ine sindinajombe. Atalawa anafotokoza kuti kunja anthu opanga mowa wotchedwa wisiki amachita kugula dala migolo yomwe munali vinyo wotere. Thabwa limamwa vinyo kwa zaka, ndiye mowa waukali ukalowamo umam'tulutsanso pang'onopang'ono, mtundu wake ndi kutsekemera komwe, uku ukali wake ukuzizira. Anawonjezera kuti chachikulu n'kudikira, koma apo n'kuti amayi atalowa m'nyumba kukatenga mpando wa kapitawo, yemwenso anali atatulukira. Inde, yemwe uja woletsa mowa. Ndiye muziti ndizikhulupirira anthu.

Amalume anatenga botolo limodzi kupita nalo ku Nathenje. Anayamba kumwa iwo, monga achitira mwini mowa kuti mlendo asaope. Mkulu uja atalawa, timaso tija tinatseguka. Anati abwera yekha kudzaona pomwe mwana wake angakhale, ndipo adzam'landire ndi mowa womwewo.

Womwewo unali utatha. Amayi anatcheza wina, koma ulendo uno anati alendo aulemu sangamwere m'chiwiya chomwe chatoledwa kudzala. Anakatsuka kamgolo ngati mphika wa maliro: phulusa, mchenga wa kudambo, madzi owira, kukakhutchumula mpaka mikono kuwawa, n'kukayanika padzuwa. Ndinanunkhiza, nthochi zija zikungomvekera patali. Ndinawauza, anandithamangitsa. Anathiramo mowa kutangotsala masiku ochepa.

Tsiku litafika, alendo atakhala pamphasa, munatuluka kachasu woyera, wamba. Amalume atayamba kumwa anatsokomola, nkhope n'kugwa. Mkulu uja analawa, kenaka anapempha kuona chiwiyacho. Anakagogoda, anakatembenuza, n'kuika mphuno pa kabowo nthawi yaitali, mpaka ine kuchita manyazi.

"Mwakatsuka, mayi?"

Amayi anavomera atagwada. Mkuluyo anapukusa mutu ngati wamva chisoni, n'kunena kuti nyumba yomwe imatsukira alendo ngakhale mgolo, mwana wake sadzadyeramo m'mbale yakuda. Chitengwa analola. Anangopempha kanthu kamodzi: kamgolo kotha ntchitoka am'patse, azisungiramo nyemba kuopa anankafumbwe.

Nthungululu zinamveka mpaka kuzigafa. Amalume anamangirira okha kamgolo panjinga ya mkuluyo, akuimba.

Nyemba zake ziti! Chaka chotsatira kunamveka mbiri ya mkulu wina wa ku Nathenje yemwe ali ndi kachasu wofiira, ndipo anthu ankachokera ku Diamphwe kukalawa. Mchenga wa amayi unangopala pamwamba. Vinyo anali adakali m'kati mwa thabwa, akudikira munthu wodekha, ndipo mphuno ya mkulu uja inamupeza. M'pamene amayi anayamba kundichenjeza za ziwiya.

Ine tsiku lija ndinalira kuseri kwa nyumba, poona njinga ikupita ndi fungo langa. Ndinkadabwa kuti amalume, omwe ankadziwa vinyo kuposa tonse, akuimbiranji pomwe mkulu uja akutibera masanasana. Sindinkadziwa kuti iwonso anali atanunkhiza, n'kusankha chomwe akufuna. Anakhala ndi mkazi wawoyo mpaka imvi.

Ndidakali konkuno ku Mitundu, ndipo masana ndimakhala ndekha, adzukulu ali kusukulu. Mukamadutsa muzindizonda, musadikire kumva belu la tchalitchi. Thobwa lilipo, ndidzayamba kumwa ndine. Koma chigubu chomwe mwanyamulacho muchisiye pakhomo, ndiyambe ndanunkhiza.