Mabotolo a ku Bodo

Botolo limene amayi ankasungiramo parafini linali lobiriwira, la mapewa otukuka ngati a msilikali, ndipo kunsi kwake kunali kolowa m'kati moti chala changa chachikulu chinkabisalamo. Pepala lake linali litada ndi mwaye, koma mawu ankawerengekabe: Bordeaux. Malume ankati Bodo, ndiye ifenso tinkati Bodo. Pa komboni yonse ya esiteti ya tiyi ija, kumtunda kwa Ruda, m'dziko la Ashona, panalibe nyumba ina yokhala ndi botolo la ku France, ndipo ine ndinkanyada nalo ngati ndinaliumba ndekha.

Malume, achimwene awo a amayi, ankaperekera zakudya patebulo kunyumba ya bwana wamkulu, paphiri. Analowa m'nyumbamo ndevu zisanamere, atangofika kuchokera ku Mulanje, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi mutu unali utayera. Bambo atamwalira, ine ndi mng'ono wanga tinakhala m'manja mwawo monga mwa mwambo wathu. Akanena malume, amayi sankawonjezerapo.

Anali Msilamu wosaphonya swala, ndipo vinyo sanalawepo ngakhale dontho. Akatsegulira azungu botolo ankakasamba m'manja ndi sopo. Koma mayina ake ankawadziwa onse, chifukwa bwana wakale, bambo wake wa bwana uyu, anawaphunzitsa kuti asamasokoneze patebulo. Mabotolo akatha ankabwera nawo kwathu, amayi n'kuwatsuka ndi phulusa ndi madzi owira, uku akung'ung'udza kuti nyumba ya anthu opemphera yasanduka bawa.

Dzinja limenelo, sukulu zitatsala pang'ono kutsekera, dona, mkazi wa bwana, anati pa Khirisimasi kubwera achibale ochokera kunja, atanyamula vinyo, poti masiku amenewo zakunja zinkasowa. Ankafuna kamtsikana kothandiza patebulo. Malume anati atenga mmodzi mwa ife awiri. Ine mtima unangoti phaa. Kumeneko kunali epuloni yoyera, nsapato za tenesi ndi denga losadontha. Wotsalayo ankayenera kuthera tchuthi m'munda wa tiyi ndi amayi, dengu kumsana, mvula ya ku phiri la Nyangani ikumukwapula. Ndinali wamkulu, ndinali ndi mutu, ndiye ndinkadziona ndavala kale epuloniyo.

Maphunziro ankachitikira pakhonde Lamlungu masana. Malume ankathira madzi m'mabotolo opanda kanthu aja, n'kujambula pansi ndi kamtengo mtsinje wa mphanda. Tsidya lamanzere, ankatero, nthaka yake ndi ya timiyala, ndipo mphesa ya kumeneko ndi Kabene, yakhungu lolimba, imene vinyo wake amafuna kumudikira zaka. Tsidya lamanja ndi dongo, kwawo kwa Melo, mphesa yofewa yopsa msanga. Kum'mwera kuli Sotene, kumene nkhungu ya m'mawa imawoletsa mphesa zili pamtengo, eni ake n'kumakondwera chifukwa vinyo wake amatsekemera ngati uchi. Amayi atamva zimenezo anaseka mpaka misozi, amvekere anthu okolola zowola ndi amene akutilamula ife kuthyola masamba awiri ndi kansonga basi.

Chimene chinandigwira mtima chinali nkhani ya mayina. Vinyo wa kumeneko amatchedwa ndi dzina la malo amene mphesa zinamera. Pepala likangoti Bodo, ndiye kuti mphesa zatoledwa paliponse m'chigawomo, ndi wamba. Likati Medoki, dera la tsidya la timiyala lija, malo achepa, ulemu wakwera. Likatchula mudzi umodzi wa m'deralo, Poyaki kapena Mago, gwira botolo ndi manja awiri. Ndipo lamulo sililola kulemba dzina la mudzi ngati mphesazo zinamera kunja kwa malire ake, ngakhale patsidya pa msewu pokha. Ine sizinandivute kumva, poti kusukulu anzathu achishona ankangotitcha obwera tonse mabhurandaya, wa ku Mulanje ndi wa ku Tete yemwe, osafunsa mudzi.

Kenako panali magulu. Minda yotchuka ya ku Medoki inaikidwa m'magulu asanu, kuyambira loyamba mpaka lachisanu. Ndinadzawerenga nditakula kuti munali mu 1855. Malume ankangoti kalekale, ndipo chiyambire ndi munda umodzi wokha umene unakwezedwapo kulowa gulu loyamba.

"Wachisanu ndi wachisanu," ankatero, "ngakhale alime chotani. Amene anagawa anafa, ukadandaula kwa ndani?"

Koma tsidya la dongo, ku Santemiliyo, amawunikanso pakapita zaka: wolimbikira amakwera, wogona amatsika. Akanena zimenezi ankandiyang'ana ine, ndipo ndinkapsa mtima poganiza kuti akunditcha waulesi.

Mng'ono wanga, ndisabise, zimenezi sizinkamulowa. Ankati Melo ndi mudzi, Mago ndi mphesa. Manja okha anali nawo abwino, ankathira madzi m'kapu osadonthetsa. Ine mayina aja ndinkawaimba popita kumpopi, ndinkawaimba potsuka mbale, mpaka oyandikana nafe ankati mwana wa mayi uja wagwidwa ndi mizimu yachizungu. Sabata lotsekera sukulu, aphunzitsi athu, bambo wachimanyika, mbadwa ya komweko, wamtali woyenda ndi ambulera, anabwera pa komboni n'kukhala ndi malume pansi pa mtengo wa mapeyala nthawi yaitali, Chishona ndi Chinyanja zikusakanikirana. Ndinadziwiratu kuti akundinenera zolongolola m'kalasi, ndiye ndinabisala kuseri kwa bafa mpaka atapita.

Tsiku losankha, malume anasakaniza mabotolo pamphasa n'kutiuza kuti tiwaike m'malo mwake pa mtsinje uja. Mng'ono wanga anayamba, anaika Poyaki ku dongo, Sotene n'kumugwira m'manja osadziwa kopita naye. Ine ndinandandalika onse osapuma, tsidya ndi tsidya, mudzi ndi mudzi, n'kutchulanso mphesa zake. Ndinaima chilili kudikira. Malume anayang'ana mabotolowo kanthawi, kenako anati wamng'onoyu ndi amene apite nawo Lolemba.

"Malume, ine ndakhoza zonse," ndinatero.

"Ndaona," anayankha. "N'chifukwa chake."

Ndinayang'ana amayi kuti andilankhulire, koma iwo maso anali pa mpunga umene ankasankha. Nsanje imene inandigwira tsiku limenelo sindinaimvenso moyo wanga wonse, ngakhale pa nkhani za amuna.

Tchuthi chonse ndinathera m'mizere ya tiyi. Mame ankanyowetsa diresi mpaka m'chiuno, zala zinada ndi utomoni wa masamba, kapitawo akukuwa kuti tisathyole okhwima. Ndikaweramuka ndinkaona nyumba ija paphiri, ndipo nthawi zina kadontho koyera kakuyenda pakhonde. Ameneyo anali mng'ono wanga, mu epuloni yanga. Madzulo ankabwera akununkhira sopo wa dona, n'kumasimba za matambula owonda ngati chikhungwa cha dzira, ndi za mlendo wina amene ananunkhiza vinyo n'kutsinzina ngati akupemphera. Mayina ankawalakwitsabe. Ine ndinkamukonza mumtima, nditafufuma ngati finye. Tsiku lina anandibweretsera chitsekero cha botolo cholembedwa Poyaki, akuti wandisungira poti ndimakonda zimenezi. Ndinamuuza kuti sinditola zotaya azungu, n'kutembenukira kukhoma. Amayi anangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinati mumtima, nyererezo bwanji osandipatsa ine.

Alendo atapita, dona anati kamtsikanako ndi kaulemu, kazikhala. Malume sanakane. Sukulu zitatsegulira, yunifolomu inali imodzi pachingwe, yanga.

Lero ndine mphunzitsi wopuma, ndipo mng'ono wanga akutsukabe mbale za anthu ku Mutare, msana utapindika. Ndikudziwa tsopano zimene aphunzitsi ananena pansi pa mtengo paja, zoti ine ndisasiyitsidwe sukulu, ndiponso kumene kankapita kamalipiro ka mwana uja mwezi ukatha: kankalipira sukulu yanga. Malume sakanatha kutiphunzitsa tonse awiri, ndipo iwo, amene anaima kumbuyo kwa mpando umodzimodzi kuyambira unyamata mpaka imvi, ankadziwa kuti wolowa m'nyumba ija gulu lake silisintha. Ngati analakwa, analakwira mng'ono wanga, osati ine. Sindinapeze mpata wowafunsa ngati ankagona tulo.

Koma m'mawa uja wa Januwale zonsezi sindinkazidziwa. Mvula inkawaza, ine ndili chosavala nsapato, mabuku m'pepala la pulasitiki. Njira ya kusukulu inkadutsa pa geti la nyumba ya bwana, ndipo mng'ono wanga anali ataima pamenepo, epuloni ili mbee, tsache m'manja. Sanandiitane. Anangondiperekeza ndi maso, ine ndi mabuku anga, mpaka ndinakhota pa mitengo ya bulugamu. Ndinayenda ndikukukuta mano njira yonse, ndikuti taonani, wadzuka m'mamawa kudzandionetsa nsapato zake.