Mabuleki a Tirela ya ku Liwaladzi

Umakaniko ine ndinauphunzira ndi manja, osati m'kalasi, ndipo ndinkayenda nawo modzimva. Ndinkakonza lole ya bwana wina wa ku Liwaladzi, wochokera kumpoto, amene ankanyamula mpunga. Chaka china anagula tirela yakale, ngolo yokokedwa ndi lole, yomwe inkanyamula nzimbe ku Dwangwa, n'kundiuza kuti ndiiikire mabuleki.

Ntchito imeneyi si yongolumikiza mapaipi a mpweya ayi. Pali vavu imene imauza tirela mphamvu yoti igwire nayo dalaivala akaponda buleki. Ukaimanga kwambiri, tirela yopanda kanthu imakwekwereza matayala. Ukailekerera, tirela yodzaza imakankha lole ngati ng'ombe yolusa. Choncho tirelayo umaiyesa kawiri, yopanda kanthu, kenako yodzaza, pamtsetse. Ine ndinali nditangoiyesa yopanda kanthu, pamalo osalala.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Ankafuna lole ndi tirela yomwe, kuti mawa lake zinyamule amayi okavina kumsonkhano ku boma. Mkazi wanga anali mmodzi wa iwo, pakuti masiku amenewo kuvina sikunkakanidwa.

"Galimoto ili bwino, amakaniko?" anafunsa tcheyamani uja.

Ndinayenera kunena kuti ayi. Koma kukaniza galimoto tsiku la msonkhano kunali kudziitanira dzina la woukira, ndipo tonse tinkadziwa komwe anthu a dzina limenelo ankathera. Bwana wanga anangoyang'ana pansi. Ine, chitsiru cha munthu, ndinati, "Ili bwino, bambo."

Kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti akakwere m'lole, osati m'tirela. Atafunsa chifukwa, ndinati fumbi. Anaseka, nati anzake onse akhala kumbuyo, ndiye iye achite kudzipatula ngati mkazi wa bwana? Ndinamusiya. Ndinkaopa kuti ndikamuuza zoona, nkhani ikafika kuchitsime, kenako kwa tcheyamani.

Mawa lake, pamtsetse wolowera pamlatho wina, dalaivala anaponda buleki. Tirela inakankha lole, n'kupindika, n'kukagubuduzika kunsi kwa msewu. Amayi awiri anafera pomwepo. Mkazi wanga anamudula mwendo kuchipatala.

Palibe amene anandifunsa kanthu, ngakhale apolisi. Pamaliro anati ngozi ilibe mwini, anthu n'kuvomera. Ndikanakonda akanandimanga, mwina mtima ukanapepuka.

Umakaniko ndinausiya chaka chomwecho. Chimene ndimakonza tsopano ndi ndodo zoyendera za mkazi wanga. Mphira wa kunsi ukatha, ndimadula wina kutayala lakale n'kumukhomerera. Nthawi iliyonse amandithokoza, ndipo ine mpaka lero sindinamuuze.