Mchere wa Dolika

Ku Chiparamba aliyense ankadziwa kuti Dolika ndi katswiri pa ndiwo zotendera, koma ndi ochepa amene anazindikira kuti mayiyu anatha zaka khumi ndi ziwiri osathira mchere mumphika wa kwawo.

Anabadwira m'banja la Chikatolika la alimi a thonje ndi mtedza. Anakwatiwa ndi Boaz akadali wanthete, nabereka mwana mmodzi, Sesiliya. Boaz anali munthu wabwino, koma njoka sifunsa khalidwe la munthu. Inamuluma m'munda wa thonje ndipo anatsirizikira pangolo asanafike kuchipatala. Abale a Boaz analira maliro mokweza kwambiri, pobwerera n'kutenga ng'ombe ziwiri, ngolo ija ndi malata omwe. Dolika anabwerera kwa amake, mwana kumsana, ndowa kumutu.

Mnzake Molly ndiye anamuuza za ku Mwami, pachipata cholowera ku Malawi, pomwe mathiraki amandanda masiku atatu kudikira mapepala. Anayamba ndi kugulitsa mtedza wophika. Madalaivala ankagula ndithu, koma maso ali pena. Ndiye mtedza uli ndi nyengo yake, pomwe njala ilibe. Chaka chisanathe Dolika anali ndi kachipinda kuseri kwa bala, ndipo kumudzi ankanena kuti amaphika mulesitilanti.

Okhuta amadziwa kuweruza, asiyeni aweruze. Apolisi akachita chipikisheni ankatola akazi okhaokha, ngati kuti tchimo limeneli munthu amalichita yekha. Kawiri konse Dolika anaimbidwa mlandu wongoyendayenda popanda chifukwa. Tsiku lina akusesa pabwalo la polisi, dzuwa likuswa mtengo, dalaivala amene anali naye dzulo lake anadutsa n'kumuimbira hutala. Zonsezi ankazimeza chifukwa cha chinthu chimodzi: Sesiliya aphunzire, asadzaponde ku Mwami.

Koma panali mwambo umene sanathe kuusiya. Amake anamulera ndi malangizo akale akuti mkazi amene ali kumwezi, kapena wagona ndi mwamuna amene si wake, sathira mchere m'ndiwo. Akathira amadula am'nyumba: miyendo imatupa, chifuwa sichitha, ndiwo matenda aja amati mdulo. Ansembe ankati zimenezo n'zachikunja, anamwino ankangoseka, koma Dolika sanafune kuyesera pa mwana wake mmodzi yekhayo. Choncho akabwera kumudzi ankasinja, kusefa, kutendera, ndiye pofika pa mchere ankaitana.

"Sesi, bwera undithirire mchere. Manja anga ali ndi nsinjiro."

Kamtsikanako kankathamanga mokondwa, kakudziona ngati mayi wamkulu. Amake a Dolika ankangoyang'ana pansi. Iwo ankadziwa kuwerenga mwezi, ndipo ankadziwa kuti palibe mkazi amene amakhala kumwezi nthawi zonse akabwera kwawo. Sanafunsepo kanthu mpaka analowa m'manda, pakuti shuga ankamwayo ndi yunifomu ya mdzukulu zinkachokera komweko.

Dolika anabwerera kumudzi kotheratu ali ndi zaka makumi anayi, thupi litatha, m'chikwama muli botolo la ma ARV. Analapa kwa ansembe, nayambanso kupita kumphakati, ngakhale amayi ena ankasendeza mikeka yawo iye akakhala. Tsiku loyamba kuthira mchere ndi dzanja lake anachita kuupyoza. Ndiwozo zinawawa, koma anadya zonse misozi ikutsika, chifukwa unali mchere wake.

Nthawi imeneyo n'kuti Sesiliya atamaliza giredi 12. Anakhoza bwino, koma malo kukoleji sanapezeke, ndipo anapita ku Chipata kumene anati wapeza ntchito yoluka tsitsi ku Kapata. Ankatumiza sopo, shuga, chitenje, kenako foni. Dolika ankaonetsa foniyo kwa aliyense, ngakhale amene sanafunse. "Mwana wanga ali pantchito m'tauni," ankatero, ndipo ankaona kuti zaka zake za ku Mwami sizinapite pachabe.

Chaka chatha, nyengo yokumba mtedza, Sesiliya anabwera kudzathandiza amake. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wigi kumutu, zikhadabo zopenta, koma khasu sanaliiwale. Anati akhala masabata atatu, ndipo analetsa amake kuyandikira moto chifukwa utsi unkawatsokomoletsa. Tsiku loyamba lomwelo, nkhwani zitapsa, anasuzumira pakhomo la khitchini.

"Amama, tandithirirani mchere."

Dolika anathira, mumtima akunyadira kuti mwana anasunga mwambo ngakhale m'tauni. Anaganiza kuti ndi masiku ake. Sabata inatha. Yachiwiri inayamba, mawu ali omwewo. Apa tulo tinayamba kumuthawa, pakuti naye ankadziwa kuwerenga mwezi. Anayamba kuona zimene poyamba sankafuna kuona: foni ikalira Sesiliya ankakayankhira kuseri kwa nkhokwe, ndipo woluka tsitsi uja sanagwirepo mutu wa munthu aliyense m'mudzimo, ngakhale wa amake. Dolika anapemphera kolona yense kuti akhale akulakwitsa.

Tsiku lomaliza Sesiliya anakazinga kapenta ndi tomato. Atabwera ndi kambale ka mchere, Dolika sanakalandire.

"Thira wekha, mwana wanga. Lero ndikufuna kulawa dzanja lako."

Sesiliya anaima chilili. Anayang'ana miyendo yowonda ya amake, anayang'ana mphika. Dolika anaona kuti mwanayo akuopa kumudula, monga momwe iye ankaopera kale, ndipo mtima wake unasweka.

"Thirani ndinu, amama," Sesiliya anatero chapansipansi. "Manja anga ali ndi nsinjiro."

Pakhomopo tsiku limenelo panalibe amene anasinja mtedza. Dolika anatsegula pakamwa kuti afunse, koma anapeza kuti alibe funso limene yankho lake sankalidziwa. Analandira kambale kaja, natapa mchere ndi zala zitatu, nathira. Kenako anayang'ana pansi, monga ankachitira amake.